Webusayiti ya ntchito yanga ya uphungu inanditayitsa ndalama ndi zinsinsi za anthu

Ndimagwira ntchito ya uphungu ku Salima. Anthu amabwera kwa ine ndi nkhawa, chisoni cha maliro chimene chikukana kuchoka, mavuto a m'banja, ngongole zosowetsa tulo, ena mowa. Ndinayambira kuchipatala, kulangiza anthu odzayezetsa magazi, kenako ndinakaphunzira za uphungu ku Saint John of God ku Mzuzu. Kumayambiriro kwa 2023 ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa mashopu a pa Kamuzu Road, n'kuikamo mipando itatu, tebulo, fani ndi katani wochindikala. Anzanga angapo amene tinaphunzira limodzi akufunanso kupangitsa mawebusayiti, ndipo akandiimbira funso lawo limakhala limodzi: unalipira zingati? Mitengo ndiitchula yonse, koma chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama. Nkhani za anthu amene ndawatchula muno ndazisintha mwina ndi mwina kuti asadziwike.

Poyamba anthu ankandipeza kudzera mwa anzawo, anamwino, abusa ndi mashehe. Zinkayenda, koma pang'onopang'ono. Mabungwe ndi eni malo ogona alendo ku Senga Bay akafuna munthu wolankhula ndi antchito awo ankandifunsa ngati ndili ndi webusayiti yoti mabwana awo aone. Panalinso anthu a ku Lilongwe amene amalolera kuyenda makilomita pafupifupi 100 kuti adzalankhule ndi munthu kumene palibe wowadziwa, komanso abale athu a ku Joni ofuna kulankhula m'Chichewa pa foni. Anthu oterewa safunsa kwa aneba. Amafufuza pa Google usiku, ali okha.

Mu Meyi chaka chomwecho ndinafunsa pa gulu la WhatsApp la amayi a bizinesi, ndipo manambala anabwera mbwee. Ndinasankha mnyamata wina wa ku Lilongwe chifukwa ntchito zimene ananditumizira zinali zokongola kuposa za onse. Zinali zithunzi chabe zojambula pa kompyuta, osati maadiresi oti nditsegule ndekha pa foni. Lero ndimauza aliyense kuti chithunzi si umboni. Pemphani adiresi, tsegulani, onani ngati webusayitiyo ikadalipo, ndipo imbirani mwini wake mumufunse ngati wopangayo amayankhabe foni chaka chikatha.

Tinagwirizana K350,000. Ndinatumiza K200,000 ya dipoziti pa Airtel Money, yotsalayo ntchito ikatha. Zonse tinapangana pakamwa ndi pa mavoisi noti. "Madamu, musadandaule, masabata awiri basi ikhala itatheka," anatero. Anandifunsa logo, mtundu umene ndimaukonda ndi zithunzi zanga. Sanafunse kuti anthu obwera kwa ine ndi otani, amaopa chiyani, amagwiritsa ntchito mafoni amtundu wanji. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mafunso amene munthu sakufunsa amakuuza zambiri za ntchito imene akupangire.

Masabata awiri aja anafika mu Ogasiti. Lero magetsi, mawa laputopu yavuta, kenako maliro kumudzi. Zina mwa izo ndikhulupirira zinali zoona, ndipo munthu amene ntchito yake ndi kukhala ndi ofedwa savuta kumvetsa nkhani ya maliro. Koma panalibe pepala lililonse lonena tsiku lomaliza, ndiye ndinalibe pogwira. Ndinafika pokwera minibasi kumulondola ku Lilongwe, kutseka ofesi tsiku lathunthu, kusuntha anthu amene ndinapangana nawo, kungokamva kuti yatsala pang'ono.

Itatuluka ndinaitsegula pa foni yanga ndili mu ofesi. Inazungulira, kuzungulira, bandulo ikutha. Pamwamba panali kanema wa mafunde a nyanja ya kunja, m'munsi mzungu atagwira mutu pa sofa yoyera. Dzina langa analiyambitsa ndi "Dr", pomwe ine si dokotala. Analemba kuti ndimachiza matenda a nkhawa m'maulendo atatu okha. Panalinso mawu oyamikira ochokera kwa anthu atatu, mayina achimalawi ndithu, zithunzi za anthu akumwetulira, koma onse ongopeka. Nditamuimbira anadabwa kuti ndakhumudwa. Anati aliyense amatero, ndi mmene malonda amayendera.

Kwa wogulitsa matayala mwina n'zoona. Ife ntchito yathu imatiletsa kudzipatsa udindo umene tilibe, kulonjeza kuti munthu achira pofika tsiku lakuti, kapena kuonetsa anthu amene timawathandiza ngati chokopera ena. Ndipo ku Salima kuno anthu amadziwana. Dzina lopeka likhoza kufanana ndi la mphunzitsi weniweni wa ku Kaphatenga kapena ku Chipoka, mawa n'kumveka kuti akuti uje amapita kwa alangizi a zamaganizo. Iye anati akonza ndikamaliza kulipira. Ndinatumiza K150,000 yotsala. Anachotsadi "Dr" ndi maumboni abodza aja, koma kanema ndi kulemera kwa tsambalo zinakhala momwemo. Ndinasindikiza makadi ndi kulembetsa chikwangwani chokhala ndi adiresi ya webusayitiyo, zonse pamodzi K85,000.

Pa tsamba lomaliza panali fomu: dzina, nambala ya foni, ndi bokosi lalikulu lolembedwa m'Chingerezi kuti munthu afotokoze zonse zimene zikumuvuta. Ndinaliona, ndipo ndinaganiza kuti ndi chinthu chabwino kwa anthu amanyazi. Miyezi inadutsa popanda uthenga ndi umodzi womwe. Ndinangoti anthu a kuno sakonda zolembalemba.

Mu Novembala, kukutentha kuja kwa ku Salima koti ngakhale fani imangokupemerera mpweya wamoto, kunabwera bambo wina wa zaka za m'ma 40. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti, "Mayi, zambiri mukuzidziwa kale, ndinakulemberani zonse pa intaneti paja. Ndinadikira yankho osabwera, ndiye ndangoti ndibwere ndekha." Ndinamufunsa kuti analemba liti. Anati mwezi watha. Ndinamuuza zoona kuti sindinalandire kalikonse, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anafunsa funso limene inenso linali litandifika kale pakhosi: "Nanga zinapita kwa ndani?"

Atangotuluka ndinaimba foni. "Achimwene, mauthenga a pa fomu ija amafikira kuti?"

"Aa, madamu, amabwera kwa ine. Ndinaika imelo yanga poyeserera, ndiye ndinaiwala kusintha. Dikirani ndikutumizireni."

Foni inayamba kulira motsatizana. Ankajambula uthenga uliwonse pa foni yake n'kunditumizira pa WhatsApp. Mayina, manambala, nkhani za kuchipinda, za ngongole, za matenda, zinthu zimene munthu sanauzepo ngakhale mayi ake omubala. Pamapeto anawonjezera voisi noti. Anati, "Koma anthuwa akuvutika, madamu. Tinkawerenga ndi mnzanga amene timagwira naye ntchito, winayo mpaka tinamumvera chisoni." Sankanena monyoza. Sankaona n'komwe kuti pali cholakwika, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri.

Pakati pa mauthengawo panali wa mtsikana wina, wolembedwa mu Sepitembala, wonena kuti sakuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo. Manja anga ananjenjemera. Ndinaimba nambala yake nthawi yomweyo, inaitana osayankhidwa. Ndinaimbanso madzulo, chimodzimodzi. Usiku umenewo maso anali gwa. Ndinkangowerengera masabata amene anadutsa mwana wa eni ake akudikira yankho kwa munthu amene analemba pa intaneti kuti ndi wokonzeka kumva. M'mawa anayankha. Anali moyo. Azakhali ake anazindikira kuti zinthu sizili bwino ndipo anapita naye ku chipatala cha boma, kumene anathandizidwa. Nditadzifotokoza anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndinkaganiza kuti munawerenga n'kuona kuti si nkhani yofunika." Mawu amenewo sanandichokebe.

Ndinaimbira mayi amene amandiyang'anira pa ntchitoyi, mlangizi wamkulu amene ndimakambirana naye nkhani zovuta. Anandiuza mosapsatira kuti aliyense amene analemba pa fomuyo ayenera kuuzidwa kuti munthu wina anawerenga. Ndinawaimbira mmodzimmodzi. Ena anangoti zikomo potiuza. Mayi wina analira, kufunsa ngati mnyamatayo amadziwana ndi anthu a ku Salima. Bambo wa chipewa uja anabwera kamodzi kokha pambuyo pake, sanadzabwerenso. Sindimuimba mlandu. Anandikhulupirira asanandione n'komwe, ndipo chinsinsi chake chinakathera m'foni ya anyamata awiri osawadziwa.

Apa ndiime pang'ono chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi zambiri fomu ya pa webusayiti imatumiza zolembedwazo ku imelo imene wopangayo waika, ndipo kawirikawiri imasunganso kope mkati mwa webusayiti momwemo, mmene aliyense wokhala ndi pasiwedi yaikulu angawerenge. Tsiku lolandira ntchito, lembani nokha uthenga woyesera muone kumene wafikira, ndipo funsani kuti kope lina likusungidwa kuti. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma kwa ife a uphungu ndinganene zoposa pamenepo: bokosi lopempha munthu kuti akhuthule zakukhosi lisapezeke n'komwe pa webusayiti. Munthu wosweka mtima akaona malo olembapo amalemba zonse, ndipo amayamba kudikira.

Ndinamuuza mnyamata uja kuti achotse fomuyo ndi kufufuta mauthenga onse kwa iye ndi kwa mnzakeyo. Fomu anachotsa. Za mauthenga anati wafufuta, ndipo ndinalibe njira yotsimikizira. Nditapempha mapasiwedi anandipatsa yolowera mu WordPress, pulogalamu imene anapangira webusayitiyo, koma yongosinthira mawu. Yaikulu, ya admin, anati ndi ya akatswiri, ndingawononge zinthu. Za domain, lomwe ndi dzina la webusayiti limene munthu amalemba kuti akupezeni, ndi za hosting, komwe ndi kumene webusayitiyo imasungidwa, anati zili mu akaunti yake pamodzi ndi za makasitomala ena, sangandipatse. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndamanga nyumba pa puloti ya mwini.

Mwezi womwewo wa Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Domain ndi hosting zambiri zimalipidwa m'madola chaka ndi chaka, ndipo madolawo ankasowa. Pachiyambi mnyamata uja anandiuza kuti chaka choyamba chili mumtengo, zaka zotsatira ndi kandalama kochepa. Mu Meyi 2024 kandalama kaja kanakhala K120,000. Ndinkafuna kusamuka kwa iye, koma zonse zinali m'manja mwake, ndipo makadi anga anali atafalikira m'zipatala, m'mipingo ndi m'malo ogona alendo. Ndinalipira, ndili ndi maganizo oti ndipeze nthawi yosamutsa zinthu bwinobwino.

Mu Juni namwino wina anandiimbira kuti webusayiti yanga ikuonetsa zotsatsa malonda zachilendo. Nditatsegula ndinapeza tsamba loyera lodzaza maulalo osadziwika. Domain inali itatha nthawi, sinalipiridwe. Nambala ya mnyamata uja sinkapezekanso. Pambuyo pake ndinamva kwa amene anandipatsa nambalayo kuti anapita ku Joni. Mwana wa mchemwali wanga anandithandiza kulembera kampani ya kunja imene dzinalo linalembetsedwako. Anayankha mwaulemu kuti angathe kulankhula ndi mwini akaunti yekha, ndipo m'mabuku mwawo dzina langa munalibe paliponse. Dzina la .com likatha pamakhala kanthawi koti mwini wake alilipire, kenako masiku ena 30 oti aliwombole pamtengo wokwera, zikatero limatayidwa kuti aliyense agule. Ine ndinangoyang'ana nthawi yonseyo ikudutsa, manja ali lende. Patapita miyezi ingapo dzinalo linagulidwa ndi munthu wina.

Kuwerengera zonse, K555,000 inalowa m'madzi, osawerengera thiransipoti ndi masiku otseka ofesi. Makadi otsala ndinawotcha. Chikwangwani ndinaitana wopenta kuti afute mzere wa m'munsi. Ena anandilangiza zokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe limene limamva madandaulo a ogula, ena zopita ku khoti. Koma ndikanakasumira ndani? Ndinalibe mgwirizano wolembedwa, ndinalibe invoisi, sindinkadziwa kumene amakhala, bizinesi yake sinali yolembetsedwa. Ndinali ndi mauthenga a Airtel Money ndi mavoisi noti basi. Munthu amene mukumupatsa ndalama zotere akuonetseni satifiketi ya bizinesi ndi TPIN, nambala yake yolipirira msonkho ku MRA, ndipo akupatseni invoisi yokhala ndi dzina lenileni. Amene akukwiya ndi pempho limeneli wakuthandizani kusankha.

Kwa miyezi ingapo ndinakhala opanda webusayiti, ndikungogwiritsa ntchito WhatsApp Business. Ntchito sinaime, ndipo ndinene chilungamo kwa anzanga ongoyamba kumene: ngati anthu anu ambiri amachokera kwa anamwino ndi atsogoleri a mipingo, nambala yapadera ya ntchito ndi kudzilembetsa kwaulere pa Google Business Profile, kuti bizinesi yanu izioneka pa Google ndi pa mapu ake, zingakukwanireni chaka choyamba. Musathamangire webusayiti chifukwa anzanu ali nayo. Ine chimene chinandibwezera ndi mabungwe aja, amene ankafunabe poonera maphunziro anga ndi ntchito zanga asanandipatse kontirakiti.

Ulendo wachiwiri sindinafunsenso pa gulu. Ndinapita kwa mayi wina wa malo ogona alendo ku Senga Bay amene webusayiti yake ndinkaiona ikugwira ntchito kwa zaka. Ndinamufunsa amene anamupangira, ngati mapasiwedi ali nawo yekha, ndiponso chimene chimachitika zinthu zikavuta. Anatsegula kabuku n'kundionetsa kuti zonse zili m'dzina lake. Wopangayo anali mayi wachitsikana wa ku Lilongwe. Mayi wachitsikanayo anandipatsa maadiresi a ntchito zake zina, ndipo ndinaimbira eni ake awiri. Wina anadandaula kuti amachedwa kuyankha Loweruka ndi Lamlungu. Dandaulo limenelo linandikhazika mtima pansi kuposa chiyamikiro, chifukwa linasonyeza kuti ndikulankhula ndi makasitomala enieni.

Wopanga mawebusayiti uja anabwera yekha ku Salima kumapeto kwa 2024, ine ndinangomubwezera thiransipoti. Anakhala pampando umene amakhalapo anthu anga, laputopu ili chitsekere, n'kuyamba kufunsa. Amabwera ndani? Amuna kapena akazi? Foni ndi yawoyawo kapena amabwerekana ndi amuna awo? Munthu akalemba pakati pa usiku kuti zamuvuta, chimachitika n'chiyani? Kodi mukufuna kuti aliyense adziwe khomo lenileni la ofesi ino? Nditamufotokozera za fomu ija anagwira pakamwa. Anati, "Amayi, ine sindikufuna kuona uthenga wa munthu wanu ngakhale umodzi. Tipange zoti ngakhale nditafuna ndisathe."

Ndi iyeyo amene anandiuza za tizida tobisika timene opanga mawebusayiti amaika kuti aziwerenga alendo ndi kuwatsatira ndi zotsatsa pa Facebook. Pa webusayiti ya shopu n'zabwinobwino. Pa ya uphungu zikutanthauza kuti kampani ina ikudziwa kuti foni yakuti inatsegula tsamba la nkhanza za m'banja kapena la mowa. Ku America, mu 2023, kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp inalamulidwa ndi bungwe la boma la FTC kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka zokhudza makasitomala ake ku makampani otsatsa malonda, kuphatikizapo Facebook ndi Snapchat. Anandikumbutsanso kuti kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024, kuti MACRA ndiyo imaliyang'anira, ndipo kuti zokhudza thanzi la munthu zili m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera. Wosonkhanitsa zinthuzo ndi ine, choncho udindo ndi wanga, ngakhale wolakwitsa atakhala amene ndamulemba ganyu.

Mtengo wake unali K480,000, wokwera kuposa woyamba uja, ndipo ndinayamba ndazengereza. Tinaugawa patatu: poyamba, ndikaona ntchito ili pakati, ndi pomaliza ndikalandira mapasiwedi onse. Tinalemba mgwirizano wa masamba awiri, wa mawu osavuta. Munali tsiku lomaliza, zimene zili mumtengo ndi zimene mulibe, kuti dzina, mawu ndi zithunzi ndi zanga, kuti sadzaika chida chilichonse chotsatira alendo, kuti chilichonse chokhudza anthu anga chimene angachione mwangozi ndi chinsinsi, komanso mtengo wa kukonza kulikonse ntchito ikatha. Tonse tinasaina, mwini nyumba wanga anakhala mboni.

Domain tinalembetsa tsiku lomwelo pa tebulo langa. Anatembenuzira laputopu kwa ine n'kuti, "Lembani nokha." Ndinalemba dzina langa, imelo yanga, nambala yanga. Pofika pa pasiwedi anadzuka n'kukaima pakhomo, kuyang'ana a kabaza akudutsa mu msewu, mpaka nditamaliza. Kanambala kotsimikizira kanabwera pa foni yanga, osati yake. Pasiwediyo ndinailemba m'kabuku kamene ndimakhomera mu kabati limodzi ndi mafayilo a anthu anga. Anandifotokozera kuti nthawi imeneyo mayina othera ndi .mw ankayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, ndipo kuti dzina la .com palokha linkagulidwa pa madola osapitirira 20 pachaka. Tinasankha kampani ya hosting ya konkuno imene imapereka invoisi m'makwacha, kuti nkhani yosaka madola isadzandigwirenso pakhosi. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi, kosonyeza kuti zodutsa pakati pa foni ndi webusayiti n'zotetezedwa, anati kamapezeka kwaulere kudzera ku bungwe la Let's Encrypt. Woyamba uja anali atandiuzapo kuti ndikafuna chitetezo chimenecho ndidzawonjezere ndalama.

Mawu onse ndinalemba ndekha, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, iye n'kumangondiuza pamene ndatalikitsa. Izi zinanditengera nthawi kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kuchedwa kwina kwa ulendo uno kunachokera kwa ine. Wopanga webusayiti sangadziwe mmene mumalankhulira ndi munthu amene wabwera akunjenjemera. Mukamusiyira, adzakopera mawu a mawebusayiti a kunja, ndipo m'menemo ndi mmene mumalowera malonjezo amene inu simungawanene pamaso pa munthu.

Webusayiti yatsopanoyi ndi yaing'ono. Ili ndi chithunzi changa, chithunzi cha chipinda chopanda munthu, maphunziro anga monga alili, nkhani zimene ndimathandiza ndi zimene ndimatumiza kwa madokotala. Fomu palibe. Pali nambala ndi batani la WhatsApp, ndipo pansi pake pali mawu akuti munthu angolemba kuti akufuna tsiku lokumana, zambiri tidzakambirana pamaso kapena pa foni. Palinso maola amene ndimayankha. Pamwamba pa tsamba lililonse pali bokosi lonena kuti ngati munthu akuona kuti moyo wake uli pachiswe asadikire yankho langa, auze wachibale ndipo apite kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo. Tinaikaponso 54747 ya Chipatala Cha Pa Foni ndi 116 ya ana. Pa mapu tinaloza pa Kamuzu Road pokha, njira yofikira pakhomo ndimauza amene tapangana naye. Dzina la pa WhatsApp ya ntchito ndi dzina langa lokha, popanda mawu onena za uphungu, chifukwa m'mabanja ambiri foni imagwiridwa ndi anthu awiri kapena atatu.

Sikuti tinkagwirizana pa zonse. Iye ankafuna kalendala yoti anthu azisankha okha tsiku ndi ola. Ndinakana, chifukwa imafuna kusunga mayina ndi manambala pamalo ena amene sindikuwaona. Iye anaumirira kuti ndilembe mtengo wa kukumana kumodzi, ine ndinkaopa kuti uthamangitsa anthu. Apa anapambana ndi iye, ndipo ankanena zoona: anthu ambiri amachita manyazi kufunsa mtengo, ndiye amangosiya osaimba. Ndinawonjezera mzere wonena kuti amene zamuvuta tikhoza kukambirana. Anandiuzanso zopempha anthu kuti azilemba ndemanga pa Google kuti ndizioneka msanga. Nditamufotokozera kuti ndemanga iliyonse imaulula kuti wolembayo anabwera kwa ine, anangogwedeza mutu, nkhaniyo inathera pomwepo.

Tisanamalize kulipirana tinaiyesa. Anakana kuyesera pa laputopu yake kapena pa Wi-Fi. Tinapempha mnyamata wa kabaza amene amandinyamula kuti atsegule pa itel yake yong'aluka galasi, ndi bandulo ya tsiku limodzi. Inatseguka tisanamalize kumufotokozera chimene tikufuna. Ndinamufunsa kuti apeze mtengo ndi nambala, anazipeza osathandizidwa. Tsiku lina ndili ku Lifuwu, kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo, ndinayesanso ndipo inatseguka. Chinsinsi chake n'chakuti zithunzi anazichepetsa kulemera ndipo kanema palibe.

Ntchito imene tinapangana mwezi umodzi inatha pafupifupi miyezi iwiri, mbali ina chifukwa cha mawu anga aja, mbali ina chifukwa mwana wake anagonekedwa m'chipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti ankandiuza yekha ndisanafunse, ndipo ndalama yomaliza inali idakali kwa ine. Tsiku lomaliza anandiphunzitsa kusintha mawu, maola ndi mtengo, anandisiyira kope la webusayiti yonse pa fulashi, kenako anandionetsa mmene ndingachotsere akaunti yake. Ndinaichotsa iye akuona. Pakafunika kukonza china, ndimamutsegulira akaunti yongoyembekezera n'kuitseka akamaliza, ndipo amandilipiritsa pa ntchito imene wagwira.

Invoisi ya domain ndi hosting imabwera ku imelo yanga mwezi wathunthu nthawi isanathe. Ulendo wapitawu inali yochepera K100,000, ngakhale mitengoyi imasuntha kwacha ikasuntha, choncho funsani mtengo wa chaka chachiwiri musanasaine chilichonse ndipo ulembedwe. Tsiku lolipira ndinalilemba pa kalendala ya pakhoma ndi m'foni, ndipo mwana wa mchemwali wanga akudziwa kumene kuli kabuku ka mapasiwedi ngati ine nditadwala.

Chimene sichinakonzeke ndi mauthenga oyamba aja. Ndinatumiza kalata ku imelo ya mnyamata uja yomukumbutsa kuti afufute zonse ndi kunditsimikizira polemba, koma sanayankhe. Anthu amene analemba pa fomu ija ndinawauza kuti kalatayo ndinatumiza ndiponso kuti yankho silinabwere, ndipo awiri mwa iwo anasankha kusintha manambala awo a foni.